Mbiri ya Nthano Zoseketsa za Mbeta za M'mizinda

Pakati pa mabuku a nkhani zopeka olembedwa m'Chingerezi pali mtundu wina umene unabuka kwambiri kuyambira cha m'ma 1995 kufikira cha m'ma 2008. Mabuku a mtundu umenewu asimba za mkazi wosakwatiwa, wokhala yekha mumzinda waukulu monga London kapena New York, wodya thukuta lake, amene ali kufunafuna mwamuna womanga naye banja, komanso ali kudzifunsa ngati banjalo alifunadi. Alembi ake ndi akazi, owerenga ambiri ndi akazinso, ndipo kasimbidwe kake n'koseketsa. Anthu ambiri ophunzira anawanyoza mabukuwa, nati alibe phindu. Koma wofuna kudziwa mbiri ya anthu sayenera kutaya chinthu chimene anthu miyandamiyanda anachigula ndi ndalama zawo. M'nkhani ino tilondola kumene nthano zotere zinachokera. Tiona kuti sizikadalembedwa mkazi asanayambe kulandira malipiro akeake, ndiponso kuti nthabwala zili m'menemo zinali njira yosenzera manyazi amene anthu amaunjika pa mbeta.

Mbeta yopanda chuma chake

Tiyambe ndi Jane Austen, mkazi wa ku England, amene buku lake lotchedwa Pride and Prejudice linatuluka m'chaka cha 1813. Bukuli lisimba za bambo wina, dzina lake Bennet, amene anali ndi ana aakazi asanu popanda wamwamuna ndi mmodzi yemwe. Monga mwa pangano la cholowa cha banjalo, iye akadzamwalira nyumba ndi minda zinayenera kupita kwa mbale wake wamwamuna, Collins, ndipo mkazi wake ndi anawo akadatsala padzuwa. N'chifukwa chake mayi wa anawo sagona tulo, angoganiza za akamwini. Mwana wachiwiri, Elizabeth, akana Collins chifukwa ndi wopusa, akananso Darcy, munthu wolemera, chifukwa amuyesa wonyada. Pambuyo pake azindikira kuti anamuweruza msanga, nakwatiwa naye. Koma mnzake wa Elizabeth, Charlotte Lucas, wa zaka 27, alola Collins yemwe uja ngakhale samukonda, pakuti aona kuti kukalamba pa umbeta m'nyumba ya makolo ndi umphawi ndi chitonzo.

M'bukuli muli kale zinthu zitatu zimene alembi a m'tsogolo anadzatola: namwali wakuthwa pakamwa, mayi womuumiriza kukwatiwa, ndi mwamuna wabwino amene poyamba aoneka woipa. Koma chinthu chimodzi mulibe. Elizabeth alibe ntchito, alibe ndalama yakeyake, ndipo njira yochokera pakhomo pa atate wake ndi imodzi yokha, yopita pakhomo pa mwamuna. Masiku amenewo mkazi wa ku England akakwatiwa, katundu wake ankalowa m'manja mwa mwamuna; malamulo osintha zimenezi anadza mu 1870 ndi mu 1882. Austen mwini wake sanakwatiwe. Anamwalira mu 1817 ali ndi zaka 41, ndipo pa mabuku amene anatuluka iye ali moyo panalibe dzina lake.

Makina otayipira ndi chipinda cha lendi

Chimene chinatsegulira mbeta njira ya kumzinda ndi makina. Mu 1874 kampani ya Remington ku America inayamba kugulitsa makina otayipira makalata, ndipo posapita zaka zambiri eni maofesi anaona kuti akazi atayipa bwino ndi kulandira malipiro ochepa kuposa amuna. Ntchito zolumikiza matelefoni, zogulitsa m'masitolo aakulu ndi zophunzitsa ana nazonso zinachuluka. Motero m'misewu ya London ndi New York munaoneka munthu wachilendo: namwali wophunzira, wogona m'chipinda cha lendi, wolawira kuntchito yekha m'mawa popanda mlongo womuperekeza.

Alembi sanachedwe kumuona. Mu 1893 George Gissing anatulutsa buku lotchedwa The Odd Women, ndiko kunena akazi otsalira, momwe muli akazi awiri ophunzitsa atsikana kutayipa kuti asakwatiwe chifukwa cha njala. Limeneli ndi buku lachisoni. Mu 1897 Grant Allen analemba lina lopepuka, The Type-Writer Girl, momwe mtsikana asimba yekha za ntchito yake. Koma mlembiyo, pokhala mwamuna, anabisala m'dzina lachikazi la Olive Pratt Rayner. Kubisala kumeneko kutiuza kuti iye anadziwa kuti nkhani yotere imveka bwino ikatuluka m'kamwa mwa mkazi.

Nkhondo ya 1914 mpaka 1918 inapha anyamata ambiri, ndipo kalembera wa mu 1921 anapeza kuti ku England ndi Wales chiwerengero cha akazi chinaposa cha amuna ndi anthu oposa 1,700,000. Akazi ambiri anadziwa kuti sadzakwatiwa konse. Amene anapeza banja nawonso anali ndi vuto lawo. Inu amene mukonzekera uphunzitsi mudziwe kuti m'madera ambiri a ku England mphunzitsi wamkazi akangokwatiwa ankachotsedwa ntchito. Lamulo la maphunziro la mu 1944 ndi limene linathetsa mwambo umenewu, ndipo m'maofesi a boma a m'dzikomo unatha mu 1946. Chotero funso lakuti ntchito kapena banja, limene liri pamtima pa nthano zonsezi, linali funso lenileni, lokhudza mphika ndi denga.

Kasimbidwe kapezeka

Mu 1925 mkazi wa ku America, Anita Loos, anatulutsa Gentlemen Prefer Blondes, nkhani imene inayamba kutuluka zigawozigawo m'magazini ya Harper's Bazar. Anailemba ngati kabuku kamene munthu alembamo zomuchitikira tsiku ndi tsiku. Mwini kabukuko, Lorelei Lee, ayenda ku London ndi ku Paris ndi mnzake Dorothy pa ndalama za amuna olemera. Alakwitsa kalembedwe ka mawu, adziyesa wophunzira, ndipo wowerenga aseka poona kusiyana kwa zimene mtsikanayo alemba ndi zimene zili kuchitikadi. Koma pofika kumapeto azindikira kuti opusa enieni ndi amuna aja. Taonani luso limeneli, pakuti tidzakumana nalonso patapita zaka 70.

Mu 1958 Rona Jaffe, amene anagwirapo ntchito kwa osindikiza mabuku ku New York, analemba The Best of Everything, nkhani ya atsikana a mu ofesi yotere. Munalibe nthabwala zambiri, koma munali zinthu zimene anthu sankazitchula poyera: mabwana ogwiragwira atsikana, pakati posayembekezera, ndi amuna olonjeza ukwati ali ndi akazi kunyumba. Mu 1962 Helen Gurley Brown anatulutsa buku la malangizo, Sex and the Single Girl, louza mbeta kuti isamadzimvere chisoni, isunge ndalama ndi kukongoletsa chipinda chake. Kuyambira 1965 mayiyu anakhala mkonzi wa magazini ya Cosmopolitan, imene inafalitsa maganizo amenewa mwezi ndi mwezi.

M'zaka zomwezo moyo wa akazi unasintha msanga. Mapiritsi olerera analoledwa ku America mu 1960. Malamulo akuti mkazi ndi mwamuna alandire malipiro ofanana pa ntchito yofanana anakhazikitsidwa ku America mu 1963 ndi ku Britain mu 1970. Mu 1974 ku America kunadza lamulo loletsa mabanki kumana munthu ngongole chifukwa ndi mkazi kapena chifukwa sali pabanja. Mu 1960 mkazi wa ku America ankakwatiwa koyamba ali ndi zaka ngati 20. Pofika 2000 zaka zija zinali 25. Pakati pa sukulu ndi banja panatseguka nyengo yaitali imene agogo awo sanaidziwe.

Koma malamulo asintha msanga kuposa malilime a anthu. Mu 1986 magazini ya Newsweek inalemba kuti kwa mkazi wophunzira wa zaka 40 n'kwapafupi kuphedwa ndi zigawenga kusiyana ndi kukwatiwa. Mawuwa analibe maziko, ndipo magaziniyo inavomereza kulakwa kwake mu 2006, koma anali atazunguza kale mitima ya akazi ambiri. Mkazi anauzidwa kuti ndi mfulu, nauzidwanso kuti nthawi ili kumuthera. Pa mphambano imeneyi ndi pamene nthano zathu zinabadwira.

Zaka za kubadwa, 1992 mpaka 1996

Woyamba kuonetsa kuti owerenga alipo ambiri anali Terry McMillan, mkazi wakuda wa ku America. Buku lake la mu 1992, Waiting to Exhale, lisimba za akazi anayi akuda a mumzinda wa Phoenix, onse a ntchito zawo kapena a pabwino, onse okhumudwa ndi amuna, amene atonthozana ndi kusekera limodzi. Linagulidwa kwambiri, ndipo mu 1995 linasanduka filimu momwe munasewera Whitney Houston ndi Angela Bassett. Olemba mbiri ena amuiwala McMillan nayamba kuwerenga ndi Azungu, koma zaka zichitira umboni kuti iye anatsogola.

Mu 1994 Candace Bushnell anayamba kulemba m'nyuzipepa ya New York Observer nkhani za zibwenzi za anthu olemera a mumzindawo. Zinasonkhanitsidwa m'buku la Sex and the City mu 1996, ndipo zinaonetsedwa pa wailesi yakanema kuyambira 1998 mpaka 2004. Ku Ireland, Marian Keyes anatulutsa Watermelon mu 1995, nkhani ya mkazi amene mwamuna wake amusiya tsiku lomwe wabereka mwana.

Koma buku limene linapereka chitsanzo kwa onse ndi la Helen Fielding. Mu February 1995 nyuzipepa ya The Independent ku London inayamba kusindikiza sabata ndi sabata zolemba za mkazi wina wotchedwa Bridget Jones. Dzina la Fielding silinaikidwepo, kotero kuti owerenga ena anayesa kuti Bridget ndi munthu weniweni. Mu 1996 nkhanizi zinatuluka m'buku lotchedwa Bridget Jones's Diary.

Bridget ndi mbeta ya zaka zopitirira 30, yogwira ntchito kwa osindikiza mabuku. Bukulo liyamba ndi malonjezo a chaka chatsopano: asiya fodya, achepetsa mowa, aonda, ndipo aleka kutengeka ndi amuna achabechabe. Tsiku lililonse, asanasimbe kanthu, ayamba walemba kulemera kwa thupi lake, ndudu zimene wasuta ndi mowa umene wamwa, nadziyamikira kapena kudzidzudzula. Wowerenga aona kuti malonjezo aja aswedwa tsiku ndi tsiku, ndi kuti pakutha pa chaka, atavutika ndi kudzimana konseko, thupi lili pafupifupi momwe linalili. Ili ndi luso lija la Anita Loos, koma tsopano lagwira ntchito ina: lionetsa mkazi wodziyeza kosalekeza pa sikelo imene anamupatsa magazini ndi mabuku a malangizo, sikelo imene palibe munthu angaikwanitse.

Amuna m'bukuli ndi awiri. Daniel Cleaver, bwana wake, ndi wokoma pakamwa koma wachimasomaso. Mark Darcy, loya, aoneka wouma mtima ndi wonyada, koma ndiye wokhulupirika. Dzina la Darcy silinadze mwangozi. Fielding anabwereka mafupa a nkhani yake kwa Austen poyera. Colin Firth, amene anasewera Darcy wa Austen pa BBC mu 1995, ndiye anaseweranso Mark Darcy mu filimu ya mu 2001, pamodzi ndi Renée Zellweger ndi Hugh Grant.

Tikayerekeza mabuku awiriwa tiona ulendo wonse wa zaka 183. Elizabeth akapanda kukwatiwa adzasowa pogona. Bridget ali ndi nyumba ndi malipiro. Chimene aopa ndi mafunso. Kuphwando kwa anzawo a makolo ake, ndi pa chakudya kwa anzake okwatiwa, onse amufunsa chifukwa chake akali yekha. Mayi wake amusakira amuna. Amene amusunga ndi anzake atatu, Sharon, Jude ndi Tom, amene akumana naye usiku kukamba milandu ya zibwenzi zawo. Mumzinda, kutali ndi abale, mabwenzi ndiwo asanduka mbumba ndi ankhoswe, pakuti mutu umodzi susenza denga. Ndipo bukulo litha popanda ukwati: Bridget ali ndi Mark Darcy, koma akali ndi dzina lake ndi ntchito yake.

Dzina ndi malonda

Atolankhani ndi ogulitsa anawatcha mabukuwa chick lit. Liwu loyambalo litanthauza mwanapiye, ndipo amuna amalitchula pa atsikana mwachibwana. Lachiwirilo ndi chidule cha liwu la Chingerezi lotanthauza zolembalemba. Mu 1995 Cris Mazza ndi Jeffrey DeShell analiika dzinali pa buku la nkhani zazifupi za akazi mwa njira yojeda anthu onyoza, koma ogulitsa analitola popanda chijedo chija.

Osindikiza ataona ndalama anathamangira onse kumodzi. Mu 2001 kampani ya Harlequin inatsegula nthambi yotchedwa Red Dress Ink ya mabuku otere okhaokha. Zikuto zinafanana: utoto wa pinki, nsapato zazitali, zikwama ndi matambula a mowa. Ena mwa mabuku a nyengoyi anali ndi nzeru ndithu. Mu 2000 Sophie Kinsella analemba za Becky Bloomwood, mtolankhani wolangiza anthu za ndalama amene mwini wake wamira m'ngongole za m'masitolo, nabisa makalata a ku banki. Mu 2003 Lauren Weisberger, amene anatumikirapo mkonzi wa magazini ya Vogue, anatulutsa The Devil Wears Prada, momwe nkhondo yaikulu ya mtsikana ili ndi bwana wake wamkazi. Marian Keyes analemba za mkazi womangidwa ndi mankhwala ozunguza bongo mu Rachel's Holiday, ndi za amuna omenya akazi mu This Charming Man la mu 2008. Koma ena ambiri anali ongotsanzira.

Otsutsa anadzuka. Mu 2001 alembi awiri otchuka, Beryl Bainbridge ndi Doris Lessing, anawadzudzula mabukuwa pa wailesi ya BBC. Mlandu wawo unali wakuti aonetsa akazi ngati anthu opepera, osaganiza china koma thupi, zovala ndi mwamuna. Ena anaonjeza kuti ambiri mwa akazi a m'mabukuwa ndi Azungu a pabwino, osadziwa njala. Oikira kumbuyo anayankha kuti mwamuna akalemba zoseketsa za moyo wake atamandidwa, koma mkazi akatero anyozedwa. Mu 2006 mbali ziwirizi zinatulutsa mabuku a nkhani zazifupi oyankhana, This Is Not Chick Lit ndi This Is Chick Lit. Mbali zonse zinali ndi mfundo. Chimene chinathetsa mkangano ndi msika: mabuku ofanana atachuluka owerenga anatopa, ndipo zisanathe zaka za m'ma 2000 osindikiza anayamba kulipewa dzinalo.

Nthano iwoloka nyanja

Pamene dzina linali kufa kwawo, nthano yake inali kumera kwina, paliponse pamene akazi ophunzira anayamba kukhala m'mizinda ndi malipiro awo. Mu 2005 Rajaa Alsanea wa ku Saudi Arabia anasindikiza ku Lebanon buku la Chiarabu lodziwika m'Chingerezi ndi dzina lakuti Girls of Riyadh, lolembedwa ngati makalata a pa intaneti osimba za atsikana anayi. Poyamba linaletsedwa kwawo. Ku India, Advaita Kala anatulutsa Almost Single mu 2007.

Mu Africa mkazi wa m'tauni anali atalembedwa kale, koma kawirikawiri ndi amuna, ndipo ngati chenjezo. Jagua Nana, buku la Cyprian Ekwensi la mu 1961, lisimba za mkazi wodalira amuna a m'mabala a ku Lagos. Nkhani zachikondi zopepuka zinafala ndi mabuku a Pacesetters a kampani ya Macmillan kuyambira 1977, ndipo m'gulu limeneli ndimo munatuluka Love's Dilemma la Walije Gondwe wa ku Malawi mu 1985. Koma mkazi wa ntchito wosimba yekha moseka anaoneka bwino ku South Africa utatha ulamuliro wa tsankho. Zukiswa Wanner, wobadwira ku Lusaka, anatulutsa The Madams mu 2006, momwe mkazi wakuda alemba ntchito ya m'nyumba mkazi Mzungu. Cynthia Jele analemba Happiness Is a Four-Letter Word mu 2010, nkhani ya mabwenzi anayi a ku Johannesburg. Mu 2011 linapata mphotho ya Commonwealth ya buku loyamba la mlembi m'chigawo cha Africa, ndipo mu 2016 linasanduka filimu. M'mabuku awa nthano yasintha zovala. Mkazi salimbana ndi mayi wake yekha ayi, koma ndi apongozi, ndi abale odalira malipiro ake, ndi funso la kubereka.

Chimene mbiriyi itiphunzitsa

Taona kuti mtundu wa nthano subadwa m'mutu mwa mlembi mmodzi. Austen anapereka mafupa, Loos anapereka kasimbidwe, koma panafunika makina otayipira, malamulo a malipiro ndi kuchedwa kwa ukwati kuti pakhale mkazi woti nkhaniyo imunene ndi mkazi woti aigule. Taonanso kuti dzina loperekedwa ndi amalonda likhoza kukweza mabuku ndi kuwagwetsa, koma silingaphe nkhani imene anthu akali kuifuna. Bridget Jones yemwe anabweranso mu 2013 ali wamasiye wa zaka 51 wa ana awiri, ndipo filimu ya buku limenelo inatuluka mu 2025.

Makolo anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, kutichenjeza kuti maonekedwe anyenga. Anyenga mbali zonse ziwiri: chikuto cholemekezeka chikhoza kubisa buku lopanda kanthu, ndipo chikuto chachibwana chikhoza kubisa buku lanzeru. Chotero mukakumana ndi buku lotere musaliweruze ndi utoto wake. Funsani ngati mkazi wa m'menemo adya chiyani ndipo alipira ndani, ngati nthabwala zake zilasa iye yekha kapena zilasanso anthu omuzunza ndi mafunso, ndiponso ngati pa tsamba lotsiriza wadziwa kanthu za iye mwini kamene sanakadziwe pa tsamba loyamba. Buku loyankha bwino mafunso amenewa liyenera malo m'mbiri ya zolembalemba, ngakhale litakhala lokuseketsani kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto.